Mankhamba wayankha, nanga nthaka ya ku Nkhata Bay tidzaifunsa liti?

Mukafunsa anthu pa Nkhata Bay kuti mbiri ya dera lino inayambira pati, ambiri adzakutengerani ku Bandawe m'chaka cha 1881, pamene Dr Robert Laws ndi anzake anasamutsirako mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear. Ena adzakulozerani kujeti, kumene asilikali anawombera anthu pa 3 Malichi 1959, anthuwo akufuna kuti abale awo omangidwa atsitsidwe m'sitima ya Mpasa. Achikulire angabwererenso m'mbuyo pang'ono n'kukamba za nkhondo za Angoni ndi malinga a ku Chintheche. Kupyola pamenepo nkhani imayamba kuzilala. Mayina a makolo alipo, koma zaka palibe. Ndiye mwana wathu wa sekondale akamaloweza za mapiramidi a ku Egypt ndi makoma amiyala a Great Zimbabwe, amakula ndi maganizo oti zazikulu zamakedzana zinkachitika kwina, kuno kunalibe chokumbukika kufikira atabwera amishoni. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo amandiwawa mtima ndikawamva m'kamwa mwa ana athu.

Buku la Dr Yusuf Juwayeyi, Archaeology and Oral Tradition in Malawi: Origins and Early History of the Chewa, lomwe kampani ya James Currey inasindikiza mu 2020, likutsutsa maganizo amenewa ndi umboni wogwirika ndi manja. Si buku la Atonga ayi, ndipo Nkhata Bay si mutu wa nkhani yake. Likukamba za Achewa ndi likulu lawo lakale la Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza. Koma ifenso a kumpoto kwa nyanja likutikhudza, pena chifukwa cha zimene lanena, pena chifukwa cha zimene lasiya. Ndineneretu kuti ndi buku lolemera, loyenera kupezeka m'laibulale ya sukulu iliyonse ya sekondale. Malire ake lili nawo, ndipo malirewo amaonekera bwino ukamaliwerenga uli pagombe la Chikale kuno ku Nkhata Bay kusiyana ndi uli ku Lilongwe.

A Juwayeyi ntchito yofukula zakale anakulira momwemo. Maphunziro awo apamwamba anachitira ku University of California ku Berkeley, anatsogolerapo nthambi ya boma yosamalira zinthu zakale, anakhalapo kazembe wa Malawi ku United Nations, ndipo pambuyo pake anakaphunzitsa ku Long Island University mumzinda wa New York. Komabe mphamvu ya bukuli siili m'maudindo amenewa. Ili pakuti mlembiyo ndi amene anapeza malo pamene panali mudzi wa Mankhamba, nagwada pansi n'kufukula. Dzina la Mankhamba linkamveka kale m'kamwa mwa akuluakulu ndi m'mabuku a mbiri. Koma kuloza pansi kuti ndi pano, n'kutulutsa m'dothi zimene eni mudziwo ankadyera, kuvala ndi kugulitsa, imeneyo ndi ntchito ina.

Njira imene atsata ikufanana ndi ya pabwalo la amfumu, pamene mlandu sugamulidwa ndi mawu a mboni imodzi. Mboni yoyamba ndi mbiri yapakamwa, imene Samuel Josia Ntara anaisonkhanitsa m'buku lake la Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940, ndipo akatswiri monga Kings Phiri ndi Harry Langworthy anadzaifufuzanso mozama pambuyo pake. Mbiriyi imati Achewa anachokera ku dziko la Aluba, m'chigawo cha Katanga ku Democratic Republic of Congo. Imati oyamba kufika anali a mfunda wa Banda, amene dzina lawo limayendera limodzi ndi Kaphirintiwa, kachisi wa mvula wa ku Msinja ndi Makewana, kenaka kunabwera a Phiri ndi mfumu yawo Kalonga. Mafuko awiriwa analukana mwanzeru. Kalonga ankabadwa kwa Nyangu, mayi wa ufumu wa a Phiri, koma mkazi wake wamkulu, Mwali, ankachokera kwa a Banda. Mbiri yotere imasunga bwino za ubale ndi za amene anayamba kufika pamalo. Pamene imakanika ndi pa zaka. Kalonga, Undi ndi Lundu ndi mayina a mpando, wolowa ufumu amalowanso dzina, choncho mafumu asanu kapena khumi angasanduke munthu mmodzi m'nkhani za adzukulu. Ife kuno izi timazidziwa. Wina akati mfumu Mankhambira anachita chakuti, uyenera kufunsa kuti Mankhambira wake uti.

Mboni yachiwiri ndi zolemba za Apwitikizi, amene anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530. Iwo zaka ankalemba. Timadziwa kuti mu 1616 Gaspar Bocarro anayenda ulendo wapansi kuchoka ku Tete mpaka ku Kilwa ndipo anachezera mfumu yamphamvu yotchedwa Muzura, komanso kuti mu 1667 wansembe Manuel Barreto analemba za kukula kwa ufumu wa Maravi, womwe ndi ufumu wa Kalonga uja. Vuto la mboni imeneyi ndi lakuti inafika mochedwa, ndipo inkaona zokhazo zokhudza malonda ndi nkhondo zake. Zimene zinachitika Apwitikizi asanakwere Zambezi, ndi zimene zinkachitika kutali ndi misika yawo, m'makalata awo mulibe.

Pamenepa ndi pamene mboni yachitatu, nthaka, ikulowera, ndipo ndi pamene bukuli likukoma. Wowerenga wosazolowera angadabwe kuona kuti chuma cha wofukula zakale ndi zinthu zotayidwa. Ganizirani dzala la kuseri kwa nyumba ya agogo anu. M'menemo muli phulusa la m'khitchini, mapale a mphika umene unagwa pamafuwa, minga za batala, fupa la mbuzi ya pa chinkhoswe, mkanda umodzi umene unaduka m'khosi mwa mwana n'kusesedwa pamodzi ndi zinyalala. Chaka ndi chaka zatsopano zimakwirira zakale, moti zapansi ndi za makolo, zapamwamba ndi za adzukulu. Wofukula sakumba ngati wofuna chitsime. Amapala dothi pang'onopang'ono, kulisefa, n'kulemba kuti chakuti chapezeka pakuya kwakuti. Khala limodzi la m'phulusa lingathe kutumizidwa kwa asayansi kukayezedwa. Mtengo ukadali moyo umamwa mtundu wina wa kaboni wotchedwa carbon-14, ndipo ukafa kaboniyo amayamba kutha pa liwiro lodziwika, theka lake pa zaka pafupifupi 5,730. Poyeza wotsalayo amadziwa nyengo imene mtengowo unadulidwa. Muyesowu sutchula chaka chimodzi chenicheni, umangopereka malire a zaka, koma kwa anthu amene mbiri yawo inalibe kalendala malire amenewo ndi chuma. A Juwayeyi apatula mutu wonse kuti afotokoze mmene ntchitoyi imagwiridwira, ndipo achita bwino, chifukwa ambirife sitinaionepo ndi maso.

Mapale nawo ali ndi mibadwo yawo. Kuyambira pa kafukufuku wa Keith Robinson m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, akatswiri anagawa miphika yakale ya kumwera kwa nyanja potsata malo amene inayamba kupezeka. Yakale kwambiri ndi ya Nkope, ya milomo yokhuthala, youmbidwa ndi alimi oyamba odziwa kusula chitsulo, amene anali atafika kale m'mphepete mwa nyanjayi cha m'ma 300 AD. Pambuyo pake pakubwera ya Kapeni, ya Longwe, ya Mawudzu, n'kudzathera ku ya Nkhudzi ya zaka za m'ma 1700 ndi 1800. Ya Mawudzu ndi imene yachuluka pa Mankhamba, ndipo mlembi akuilumikiza ndi Achewa.

Phindu lalikulu la bukuli lili pa funso loti liti. Mu 1982 katswiri wa mbiri Malyn Newitt, potsamira pa zolemba za Apwitikizi, anaganiza kuti maufumu a Maravi anadzuka mochedwa, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1500, m'chipwirikiti cha nkhondo za Azimba. Ena monga Matthew Schoffeleers anatsutsana naye, koma onse ankakangana pa makalata ndi nthano zomwezo. Makala a pa Mankhamba abweretsa umboni wochokera kwina. Akuonetsa kuti zaka za m'ma 1400 zisanathe, anthu anali atakhazikika kale pamalopo. Ndiye kuti pamene Vasco da Gama ankafika pagombe la Mozambique mu 1498, utsi unkafuka kale m'midzi ya kumwera kwa nyanja yathu, osula akusula, oumba akuumba. Mwana wasukulu akamva zimenezi amayamba kuliona mwina dziko lake.

Zimene zinatuluka m'dothimo ndi zimene ndakhalitsapo kwambiri powerenga. Muli mikanda yagalasi yambirimbiri, ina yochokera ku Asia, ina ku Ulaya, tina tating'ono moti popanda sefa tikanatayidwa pamodzi ndi dothi. Muli zidutswa za mbale zonyezimira zoumbidwa ku China m'zaka za m'ma 1500. Muli zinthu za mkuwa, chonsecho mkuwawo sunkakumbidwa pa Mtakataka, unkachokera cha ku Zambia ndi ku Congo. Muli zida zachitsulo ndi mafupa a nyama zosiyanasiyana amene akutiuza zimene anthuwo ankadya. Ndipo muli minyanga ya njovu, yoonetsa kuti inkasemedwa pomwepo. Mfundo yomalizayi isatipitirire. Anthu a pa Mankhamba sanali ongopha njovu n'kusenzetsa akapolo nyanga zathunthu kupita kugombe. Anali ndi amisiri awo, ndipo makoza ankavalanso eni ake.

Kuti timvetse chifukwa chake kambale ka ku China kanafika ku Dedza, tiyenera kutambasula mapu a dziko lonse. Pa nyanja yamchere ya India mphepo imasinthana nyengo. Kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi imawomba kuchokera kumpoto chakum'mawa, n'kukankha zombo zamatanga kuchoka ku India ndi ku Arabia kubwera kugombe la Africa. Kuyambira cha mu Epulo imatembenuka n'kuzibweza kwawo. Mphepo imeneyi ndi imene inalemeretsa Kilwa ndi Sofala, ndipo kudzera m'madoko amenewa golide wa Mapungubwe ndi wa Great Zimbabwe ankatuluka. Kumpoto kwa Zambezi chuma chachikulu chinali njovu. Minyanga ya njovu za ku Africa ndi yaikulu ndiponso yosavuta kusema kuposa ya njovu za ku India, choncho ku India inkafunidwa kwambiri popangira zibangili za akwati. Mankhamba anali pamalo abwino zedi. Kum'mawa kuli nyanja, kumadzulo kuli mapiri a Dedza ndi zigwa za njovu, kumwera Shire akutsikira ku Zambezi, ndipo njira zapansi zinkalowera ku Mozambique Island ndi ku Kilwa. Mfumu yokhala pamphambano yotere, yolandira msonkho wa minyanga n'kumagawira nsalu ndi mikanda kwa mafumu aang'ono, inkakula mphamvu popanda kumanga khoma lamiyala ndi limodzi lomwe. Pamenepa bukuli likutiphunzitsa chinthu chofunika. Tinazolowera kuyeza chitukuko chamakedzana ndi miyala yosanjikiza. Makolo athu ankamanga ndi mitengo, dothi ndi udzu, zimene chiswe ndi mvula zimamaliza m'mbadwo umodzi. Kusowa kwa mabwinja oimirira sikutanthauza kuti kunalibe boma, malonda ndi luso.

Nanga ife a Nkhata Bay tikulowa pati? Tikulowa pa mutu wofotokoza kumwazikana kwa Achewa kuchoka pa likulu lawo. Undi analowera kumadzulo, ndipo mbumba yake lero ndi imene imasonkhana pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia. Kaphwiti ndi Lundu anatsikira kuchigwa cha Shire. Mbiri yapakamwa imatchulanso amene analowera kumpoto, monga Chulu, Kanyenda ndi Kabunduli, ndipo Kabunduli mpaka lero ndi mfumu yaikulu m'boma lathu lino. A Phiri ndi a Banda ali ponseponse pakati pa Atonga, kuyambira ku Tukombo mpaka ku Mpamba. Ndiye munthu wa kwa Kabunduli akamawerenga za Mankhamba, akuwerenga za kumudzi kwa ena mwa makolo ake.

Koma pano tichenjere, chifukwa nkhani zotere zimapotozedwa msanga pa misonkhano ya mitundu. Zimenezi sizikutanthauza kuti Atonga ndi Achewa osochera. Jaap van Velsen, amene anakhala pakati pa Atonga m'zaka za m'ma 1950 n'kulemba buku la The Politics of Kinship la mu 1964, anaonetsa kuti mtunduwu unapangika ndi magulu ochokera mbali zosiyanasiyana, ndipo sunakhalepo pansi pa mfumu imodzi yolamulira onse. A Nyaluwanga ali ndi mbiri yawo, a Kapunda Banda yawo, a Mankhambira yawonso. Chitonga pachokha chimayandikana kwambiri ndi Chitumbuka. Dera lino linali pokumanirana anthu, ndipo kulemera kwa mbiri yake kuli pomwepo.

Dandaulo langa loyamba pa bukuli likuchokera apa. Nkhani ikangochoka kumwera kwa nyanja, mboni yachitatu ija imakhala chete, timatsala ndi mbiri yapakamwa yokha. Za Kalonga tapatsidwa zaka, mikanda ndi mafupa. Za amene anapita kumpoto tikungomva kuti ananyamuka ndipo anakafika. Ananyamuka liti? Anapeza yani? Miphika imene ankaumba m'mbali mwa mtsinje wa Luweya inali yofanana ndi ya pa Mankhamba, kapena inali ya mtundu wina? Sindikuwaimba mlandu a Juwayeyi chifukwa chosafukula dziko lonse, munthu mmodzi sangathe. Koma mutu wa bukuli ukutchula Malawi, ndipo wowerenga wa kumpoto ayenera kudziwiratu kuti umboni wa m'nthaka umene ali nawo m'manja ndi wa kumwera kwa nyanja.

Ndikanakondanso nyanjayi ikanapatsidwa malo aakulu. Kwa munthu wa kumtunda nyanja ndi malire, koma kwa ife ndi msewu. Aliyense amene anaimapo pajeti tsiku lofika sitima ya Ilala, n'kuona matumba a ufa, malata, njinga ndi madengu a usipa zikutsika ndi kukwera kupita ku Usisya, Ruarwe, Likoma ndi Chizumulu, sangakhulupirire kuti makolo ankangoiyang'ana nyanjayi. Tsidya linalo, moyang'anana nafe, kuli Mbamba Bay, ndipo kuseri kwake kuli njira zakale zopita ku Kilwa. Asodzi athu amadziwa nyengo ya mwera ndi ya mpoto, amadziwa tsiku lotulutsa bwato ndi tsiku lolisiya pamchenga, ndipo nzeru zimenezi sizinabwere ndi sitima zamoto. Mbiri ya Atumbuka imakamba za Mlowoka ndi anzake amene anawoloka nyanja cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 kudzagula minyanga ku Nkhamanga, kumene kunadzuka ufumu wa Chikulamayembe. Ku Karonga, pa phiri la Mbande, likulu la Kyungu wa Angonde, Robinson anapezanso mikanda ndi katundu wina wochokera kugombe. Ngati malonda a nyanja yamchere anafika pa Mankhamba kumwera ndi pa Mbande kumpoto, n'kovuta kuganiza kuti analumpha madoko achilengedwe a pakatipa, limodzi mwa iwo ndi lino tikukhalamoli.

Dandaulo lachiwiri ndi la miphika. Kulumikiza mtundu wa mphika ndi mtundu wa anthu ndi njira yothandiza, koma yoterera. Mphika umayenda. Umagulidwa pamsika, umaperekedwa ngati mphatso, ndipo mayi wokwatiwa kuchoka ku Nkhotakota kubwera ku Chintheche amadza ndi kaumbidwe ka amayi ake n'kuphunzitsa ana obadwira kuno olankhula Chitonga. Pa Mankhamba penipeni mfundo ya a Juwayeyi ndi yolimba, chifukwa dzina la malo, mbiri yapakamwa ndi mapale zikugwirizana. Koma wina akatola phale la Mawudzu kutali ndi Dedza n'kunena kuti pano panali Achewa, ndiye kuti wathamanga. Tikumbukirenso kuti chithunzi chachikulu cha moyo wa Amaravi m'bukuli chatengedwa pa mudzi umodzi, umenenso unali likulu. Zimene zinkadyedwa ndi kuvalidwa pakhomo la Kalonga si zimene zinkapezeka m'mudzi wa mlimi wamba ku Ntchisi.

Palinso anthu amene onse, Achewa ndi Atonga omwe, anawapeza. Nthano zimawatchula kuti Akafula kapena Abatwa. Iwo si mutu wa bukuli, koma wowerenga asawaiwale, chifukwa kuno kumpoto umboni wawo ndi wamphamvu. Pa phiri la Hora m'boma la Mzimba, kungokwera Viphya kuchoka kuno, anafukula mafupa a anthu amene anakhalapo zaka zoposa 8,000 zapitazo. Mapiramidi a ku Giza anamangidwa zaka pafupifupi 4,500 zapitazo. Zojambula za pamiyala ya Chongoni, zimene UNESCO inaziika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, zina ndi za alenje akalewo, zina za Achewa. Mbiri ya dziko lino ndi yaitali kwambiri kuposa ya mtundu uliwonse umene ulimo lero.

Gawo lofotokoza kugwa kwa ufumu wa Maravi ndilidutsa mwachangu, chifukwa zambiri ndi zodziwika kale: mafumu aang'ono kuyamba kuchita malonda paokha osadzera kwa Kalonga, Ayawo kulanda njira za malonda, kugulitsa anthu kukula, Angoni kuwoloka Zambezi mu 1835. Chimene chinandigwira ndi chakuti pamene nkhani ya Mankhamba ikuthera ndi pamene ya kwathu kuno imayambira kulembedwa. David Livingstone anadutsa m'gombe lino mu 1861. M'zaka za m'ma 1870 Atonga amene anali m'manja mwa Angoni anathawa n'kubwerera kunyanja, anthu masauzande anaunjikana m'malinga monga la Mankhambira ku Chintheche ndi la Malenga ku Bandawe, ndipo Angoni atawalondola anagonjetsedwa pa Chintheche. Anthu ochuluka chotere sakhala pamalo osasiya dzala. Pansi pa minda ya chinangwa ya kumeneko payenera kukhala mapale, mikanda, mipaliro ndi mafupa onena mmene anthu ankakhalira m'malingamo, zimene ankadya njala itavuta, ndi amene ankachita nawo malonda. Pansi pa zimenezonso mwina pali zakale kuposa apo. Zimene tili nazo m'mabuku za Atonga, kuyambira pa Nthanu za Chitonga za Filemon Chirwa mpaka pa kafukufuku wa van Velsen, John McCracken ndi David Mphande, zatsamira pa mawu a akuluakulu ndi makalata a amishoni ndi a boma. Ndi ntchito zabwino, koma zikudikira mboni yachitatu ija.

Ndipo nthawi siili kumbali yathu. Mayi akamakwezera mizere ya chinangwa, khasu limatulutsa timapale tokhala ndi mizere yolembedwa dothi likadali lonyowa, mwina ndi kamtengo, mwina ndi chikhadabo cha woumbayo. Amatitola n'kutiponya kumalire a munda pamodzi ndi miyala, chifukwa palibe anamuuzapo kuti n'zaphindu. Phale likachoka pamalo pake, theka la nkhani yake latayika, poti chimene chimalipatsa zaka ndi dothi ndi makala amene linagona nawo. Nyanja itakwera kwambiri mu 2024 inameza magombe ndi kugumula nthaka m'malo ambiri. Malo ogona alendo akumangidwa m'mphepete monse kuchoka ku Chikale mpaka ku Kande, ndipo maziko aliwonse okumbidwa ndi dzenje m'mbiri yathu. Izi sizikutanthauza kuti aliyense atenge khasu akakumbe payekha. Lamulo la Monuments and Relics Act limaletsa kufukula zakale popanda chilolezo, ndipo kukumba kosadziwa kumawononga kuposa mvula. Choyenera ndi kudziwitsa amfumu ndi a nthambi ya boma yoona za malo osungira zinthu zakale.

Kalembedwe ka a Juwayeyi ndi kodekha, kopanda kudzitama. Mitu yofotokoza mapale, zitsulo, mikanda ndi mafupa ndi yolemera kwa munthu wamba, ndipo amene si katswiri angathe kuyamba ndi mitu ya mbiri yapakamwa, n'kulumphira ku ya moyo wa pa Mankhamba ndi ya malonda, kenaka n'kubwerera pakatipo atadziwa chifukwa chake mkanda uliwonse unawerengedwa. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi chakuti bukuli lili m'Chingerezi, linasindikizidwa ku Britain, ndipo buku logulidwa ndi ndalama zakunja silifika msanga m'manja mwa mphunzitsi wa ku Usisya. Ntara analemba m'chinenero cha eni mbiriyo, n'chifukwa chake buku lake linalowa m'midzi ndi m'masukulu. Zimene zapezeka pa Mankhamba zikufunika kabuku kachidule m'Chichewa, m'Chitonga ndi m'Chitumbuka, kokhala ndi zithunzi za mikanda ndi makoza aja, kuti agogo amene anasunga mayina aone zimene nthaka yawonjezapo.

Chigamulo changa ndi chakuti ili ndi limodzi mwa mabuku ofunika kwambiri amene Mmalawi walemba pa mbiri yakale ya dziko lino. Lapereka zaka pamene panali mayina okha, ndipo laika Malawi pa mapu a malonda a nyanja ya India pamodzi ndi Kilwa ndi Great Zimbabwe. Silinamalize ntchito, ndipo kumpoto kwa Dwangwa ntchitoyo ikadali yaikulu. Aphunzitsi a mbiri m'sukulu za boma lino, lifuneni bukuli mpaka mulipeze. A bungwe la Mdauku wa Atonga, pamodzi ndi mafumu athu a Mkumbira, a Mankhambira, a Malengamzoma ndi a Kabunduli, khalani pansi ndi akatswiri a ku Mzuzu University ndi a nthambi ya zakale, muwalozere malo a malinga ndi mabwinja a midzi yakale akuluakulu owadziwa akadali moyo.